Batire linakana moto pa maliro a achimwene

Tsiku losesa maliro a achimwene anga, pansi pa chigafa chathu cha fodya panali ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mwana wanga Nabanda, mwamuna wake aMwale, ndi amayi awiri a Mvano amene anatsalira kutsuka miphika. Achemwali anga a ku Simlemba sanaoneke, poopa kuti ndiwakumbutsa za mbuzi yanga. Nzeru zanganso tsiku limenelo sizinabwere. Tamvani manyazi amene ndinadziveka ndekha.

Batire laling'ono, sola ndi kabokosi kake kotchajira ndinagula ndine, fodya atatuluka bwino. Achimwene atagonekedwa ku chipatala ku Boma ndinapita kukawadikirira, nyumba n'kusiyira aMwale, mkamwini wodziwika ndi kutchajira mafoni mudzi wonse ulere. Ndinabwerako ndi bokosi la maliro.

Tsiku loika, batire linali lakufa. Sipika ya mpingo imene tinalumikiza ku batirelo inangoti khoo, n'kukhala chete. Abusa analalikira mpaka mawu kusasa, ndipo mbiri ya achimwene inathera m'makutu a anthu a pamphasa yakutsogolo okha.

M'mawa mwake ndinaitanitsa ankhoswe. Ndinati aMwale anapha tchaja, ngati sanachite kusinthitsa batire langa ndi chiphakasa. Iwo anafotokoza atanjuta kuti chichokere ine, kanyale ka pakabokosi sikanayakeko. Anapukuta sola, anapala mitu ya batire ndi mpeni, anathiramo madzi ake ogula, analumikizanso waya pomwe khoswe anatafuna. Ine ndinawakumbutsa zolakwa zawo zonse, kuyambira feteleza wa dzinja lija mpaka khasu limene anathyola. Pomaliza ndinati apinde bulangete lawo, mudzi uno wawakanika. Nabanda akulira, ine osamuyang'ana.

Nkhoswe ya aMwale inapempha kuti tisanagamule, abwere kaye Che Amadu, a shopu ya ku Chamama amene anandigulitsa katunduyo. Anafika pa njinga ndi kamita kawo koyezera moto. Anagunditsa pa waya wa sola, moto ulipo. Pa kabokosi, ulipo. Pa batire, zii. Anatsata waya wofiira ndi zala mpaka pa kachubu kakuda, n'kukapotokola.

"Fyuzi, kagalasi kodutsamo moto kaja, mulibe muno," anatero Che Amadu.

"Yapsa!" ndinakuwa ine. "Mwamvatu? Anaiwotcha ndi mafoni awo aja!"

"Ayi mayi, yopsa imatsala momwemo. Iyi inachita kuchotsedwa."

"Ndiye kubatu kumeneko. Secheni m'nyumba mwawo, ndi m'matumba momwe."

Anasechadi. Mkamwini wanga, bambo wa ana, anatembenuza matumba a buluku pamaso pa amayi a Mvano. Che Amadu ananena chapansipansi kuti za kachubu kameneka anaonetsa munthu mmodzi yekha, tsiku logula. Ine mtima uli m'mwamba, sindinazitole n'komwe.

Ukali unandiiwalitsa kuti pali a Mvano, amayi a mpingo odana ndi fodya. Ndinasolola kabotolo kanga ka fodya wamphuno, kamene sindinakatsegule chichokere pakhomo, chifukwa m'wodi amaletsa ndipo pamaliro panali maso ambiri. Ndinagogoda pachikhatho, osatuluka kanthu. Ndinagogodanso mwamphamvu.

Kagalasi kakang'ono ka mitu iwiri yachitsulo kanagwera m'dzanja langa, kali bii ndi fodya.

Apo m'pomwe ndinakumbuka. Tsiku lonyamuka kupita ku chipatala fyuziyo ndinaichotsa ndine n'kuibisa m'kabotolomo, kuti aulere asandithere batire.

Che Amadu anaitola m'dzanja langamo, anaiuzira, anayetsemula, n'kuibwezera m'kachubu. Kanyale kanayaka aliyense akuona.

"Amayi," anatero aMwale, maso ali pansi, matumba adakali kunja, "pali kwina koti tisechenso?"

Zotsala ndi izi. Ankhoswe anandigamula nkhuku yopepesera, sindinapereke. Che Amadu sindinawalipire ya njinga, ndipo akuti batire linakhalitsa lopanda moto, silidzasunganso ngati kale. Mbiri ya achimwene palibe angaiwerengenso. AMwale anapindadi bulangete madzulo omwewo, ndipo atumiza mawu akuti abwera pokhapokha ndikawatenge ndekha kwa amayi awo. Fodya ali m'chigafa wopanda wom'manga mabelo, Nabanda akundipatsa moni wa kumbali.

Musanasechetse matumba a mkamwini, yambani mwafwenkha fodya wanu.