Waya woyanikapo matewera

Nkhani iyi anzanga amaiseka mpaka kugwira m'mimba, nanenso ndimasekako, koma kuseka kwanga sikufika kumapeto kwake.

Mkazi wanga atabereka mwana wathu woyamba, apongozi aakazi anabwera kuchokera ku Petauke kudzakhala nafe ku Natuseko. Anabwerera chinthu chimodzi chomwe anachidikira zaka zambiri: kusambitsa mdzukulu ndi manja awo mpaka mchombo utagwa. Kwathu mkamwini sayandikira apongozi. Tikakumana pakhomo ndinkapatuka, ndipo moni ndinkapereka maso ali kukhoma.

Masiku amenewo ndinali nditangoyamba kuweta anapiye kuseri kwa nyumba, ndipo ankafunika babu lowafunditsa. Mkazi wanga anati ndiitane munthu wodziwa zamagetsi, ine ndinakana. (Apongozi ali pakhomo, mwamuna mnzanga abwere kudzandiikira babu ine ndili chiimire?) Ndinatola zingwe zakale, cha ayironi yakufa ndi cha wailesi, n'kuzilumikiza. Tepi ndinalibe, choncho molumikizamo ndinamangamo timapulasitiki ta buledi. Kuti ana a eni asachiponde (ndinkaganizira chitetezo, mwaona), chingwecho ndinachikulunga pa waya woyanikapo zovala mpaka kukafika kukhola. Magetsi anali atapita monga mwa masiku onse, palibe chinandiluma, ndiye ndinadziona katswiri.

M'mawa mwake kunawaza kamvula, magetsi n'kubwera. Apongozi anachapa matewera, n'kupita kukayanika opanda nsapato. Ine ndinali kukhola ndikunyadira babu langa pamene ndinamva kubuula kwachilendo. Potuluka ndinawapeza dzanja lamanja litafumbata waya, thupi lonse likunjenjemera, akulephera kuusiya.

Kuntchito anatiphunzitsa bwinobwino kuti munthu akagwidwa ndi magetsi usamukhudze, thamangira kukazimitsa pa swichi yaikulu, ikatalika mukankhe ndi mtengo wouma. Tsiku la maphunzirowo ndinakhala kutsogolo ndikugwedeza mutu kuposa aliyense. Koma apa zonse zinauluka. Ndinathamanga n'kuwakumbatira m'chiuno apongozi anga enieni, amene ngakhale mthunzi wawo ndinkaulambalala.

Magetsi anandilandira bwino. Mano anagundana, miyendo inauma, ndipo m'malo mwa munthu mmodzi wovina pa waya tinakhala awiri. Anatipulumutsa ndi mkazi wanga, munthu amene ankayendabe mogwira khoma. Anapeza swichi nditaitsekereza ndi matumba a chakudya cha nkhuku, mpaka anachita kuigwetsa ndi mpini wa tsache.

Tinagwera m'matope, ine pansi, apongozi pamwamba, manja anga akadali pomwe paja. Bana Mwila, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, anasuzumira pampanda.

"Ba neba, malaiti yazima kalekale. Basiyeni manje, ni bapongozi banu abo."

Mpaka lero ku Natuseko nkhani imathera pamenepa, ndipo ndikadutsa pamsika ena amandifunsa ngati chiuno cha apongozi chili bwino. Koma tsikulo ine ndinawatengera apongozi kuchipatala. Anawayeza mtima n'kupeza kuti uli bwino, koma chikhatho chinali chitapsa mzere kuchokera kuchala chachikulu mpaka mbali inayo. Anawamanga bandeji n'kuwauza kuti dzanjalo lisakhudze madzi mpaka litapola.

Ndinadikira kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkakufuna. Mkazi wanga yekha ndiye anandipatsa zanga, zokwanira chaka chonse. Ndinazula chingwe chija, ndinachotsa matumba, ndinaitana wamagetsi yemwe ndinamukana uja, koma zonsezi sizinachiritse dzanja la munthu.

Kuyambira tsiku limenelo mwana ankasambitsidwa ndi bana Mwila. Apongozi ankakhala pamphasa chapafupi, dzanja la bandeji lili pamiyendo, akulangiza motsitsa mawu kuti mutu augwire bwino, madzi asalowe m'makutu. Nthawi zina dzanja linalo linkanyamuka lokha kulunjika kubeseni, kenako n'kubwerera. Ndinkaonera pazenera.

Mchombo unagwa bandeji isanachoke. Tsiku lomwe apongozi ankabwerera kwawo ndinagwada patali n'kupepesa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, maso ali pa mwana.

"Palibe mulandu, atate," anatero. "Nenze nabwelela kusambika muzukulu wangu. Lomba nikafika ku munzi, bakanifunsa, nizakamba kuti ninamuona chabe."