Tsiku lomwe a Alufeyo anavina pa Nkando

Mwezi wathawu, Loweruka masana, a Alufeyo, mlembi wa mpingo wathu, anavina pa msonkhano wa chitsitsimutso pa Nkando. Inu, tamverani, chifukwa tinawatuma ndife.

Ife akuluampingo timadziyesa ophunzira. Titamva kuti pa Nkando anthu akugwa ndi kulira, tinasankha munthu wosatengeka kuti akaone ngati n'zenizeni. A Alufeyo saomba m'manja ngakhale pa ukwati.

"Chitsitsimutso si phokoso," anatiuza akumanga tayi. "Chimaoneka Lolemba, munthu akasintha khalidwe."

Atafika anakana benchi. Anakaima kumapeto kwa bwalo, m'maudzu, manja kumbuyo, kuti aone zonse bwinobwino. Chimene sanaone ndi linthumbu. Linakwera mwaulemu, nsapato, sokosi, thalauza, osaluma, mpaka lonse litafika kumene limapita. Kenako linayamba ntchito nthawi imodzi.

"Mayo ine! Moto! Moto!"

"Aleluya!" anayankha mlaliki pa chimkuzamawu. "Moto wafika kumbuyoko!"

A Alufeyo anadumpha, anataya jekete, nathamangira pakati pa anthu akudziomba m'ntchafu, misozi ili chuchuchu. Akwaya anawonjezera ng'oma.

"Zandilowa! Zandilowa!"

"Zituluka, bambo, zituluka lero!" anakuwa amayi ena akuwakupiza ndi chitenje.

Pagulupo panali a Vincent, alamu awo, amene sankalankhulana nawo chikanganirane malire a munda wa nandolo. Ataona munthu wouma uja akulira chonchi, nawonso anagwetsa misozi, nawakumbatira.

"Alamu, ngati inuyo mwasweka mtima, ine ndine yani? Malire aja ndinasuntha ndine. Lolemba ndikabweza mizere yanu."

A Alufeyo anatsegula pakamwa kuti anene za linthumbu. Anaganiza za akazi awo a Emma, amene ankapita kwa mlongo wawoyu mobisala ngati akuba. Anatseka.

"Ameni," anatero, likuwalumabe.

Lachitatu tinawaitana kuti atifotokozere.

"Nanga a mlembi, chitsitsimutsocho n'chenicheni?"

"Mbali yanga linali linthumbu," anayankha akudzikanda pabondo.

"Ndiye n'chabodza!"

"A Vincent sanalumidwe. Ndipo Lolemba mizere inabwera."

Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Wina anatsegula buku lalikulu, wina anafunsa ngati nyerere zingatumidwe kumwamba. Chimene tinagwirizana n'chimodzi chokha: a Vincent asauzidwe.

Ife ophunzira nkhaniyi tikuikambiranabe. Alamu awiriwo akuthyola nandolo limodzi.