Lachisanu limene seva inakana kuzima

Mpaka lero ku ofesi kwathu ku Mangochi kuli anthu amene amati ndinayenera kupepesa. Imvani kaye mbali yanga.

Ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina lothandiza asodzi. Mafayilo athu onse amakhala m'kompyuta imodzi yaikulu, timaitcha seva. Lachisanu lina kunabwera amisiri odzasintha mawaya a magetsi, ndipo ntchito yanga inali imodzi: kuzimitsa sevayo bwinobwino, mwamsanga, kuti opita ku mzikiti asachedwe swala.

Nditauza pulogalamu yosunga mafayilo kuti itseke, inakana. Inalemba kuti yalephera kudzimasula chifukwa pali makina ena amene akuigwirabe. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu (ngati kuti kompyuta imagonja ukaikakamiza). Kenako ndinaimbira katswiri wa ku Blantyre amene anatiikira pulogalamuyo.

"Musazule pulagi, mungawononge zonse," anatero. "Pali wina sanatuluke. Mupezeni."

Apo ndiye ndinakwiya. Ndinalowa chipinda ndi chipinda kuzimitsa makompyuta a anthu. Mayi Asiyatu, mlembi wathu, ndinawauza m'maso muli gwa kuti vuto la pano ndi anthu osamva malangizo. Ngakhale abwana, che Saidi, amene anali pakati pa lipoti, ndinawaimirira pambali mpaka anatseka.

Seva inakanabe. Amisiri anayamba kulongedza zida zawo, akuti sangadikire tsiku lonse. Che Saidi ankangoyang'ana wotchi, kofia ili kale kumutu. Ndinaimbanso ku Blantyre, ndipo pofuna kuti aliyense amve yekha dzina la wolakwa, ndinaika foni pa sipika.

"Lembani zimene ndikuuzeni," anatero katswiri uja, "kenako muwerenge zomwe zituluke."

Ndinawerenga mokweza, mwaulemerero, mpaka kumapeto. Linali dzina la laputopu yanga. Inali m'kabati, ikukopera mu seva vidiyo ya chinkhoswe cha mchemwali wanga kuyambira m'mawa (malo mu laputopumo anali atandithera, ndiye ndikanaiika kuti?).

"Fayilo mwatchulayo, 'Gule wa alamu', ndi ya ntchito?" anafunsa wa ku Blantyre, ofesi yonse ikumva.

"Osamva malangizo aja apezeka," anatero mayi Asiyatu, modekha, akutenga chikwama chawo.

Nditatseka laputopu, seva inazima nthawi yomweyo. Che Saidi anatuluka osandiyang'ana, ndipo ndinamva kuti anakapeza anzawo ku mzikiti ataima kale m'mizere ya swala.

Lolemba anandiitana. Ndinawauza kuti pulogalamu yabwino ikanatchula makinawo poyamba pomwe, osati kusiya munthu azikayikira anzake. Ndinawakumbutsanso kuti palibe fayilo ngakhale imodzi imene inawonongeka, komanso kuti amene anapeza wolakwa ndine ndemwe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandipatsa kalata yochenjeza kuti ndisaine.

"Mwaphunzirapo kanthu?" anafunsa.

Ndinavomera, ndipo sindinaname. Foni sindiikanso pa sipika.