Makutu a Sekuru Nyararai

Ku St Mary's konse, kuno ku Chitungwiza pafupi ndi Harare, kunalibe munthu wa makutu ngati a Obadiah Chimbalanga. Anthu ankati mkuluyo ankamva nyerere ikamatsokomola kuseri kwa chimbudzi, ndipo ine sinditsutsa, chifukwa ndinakhala nawo khoma limodzi zaka zisanu ndi zinayi. Nyumba zathu ndi zija zophatikizana, chipinda changa uku, chawo uko, pakati njerwa imodzi yokha. Ana a mumsewu mwathu, amene Chichewa amangochimva koma poyankha amayankha m'Chishona, anawapatsa dzina loti Sekuru Nyararai, sekuru kutanthauza agogo, chifukwa mawu awo oyamba m'mawa ndi otsiriza madzulo anali omwewo: nyararai, khalani chete!

Vuto lawo linali tulo. Ankatifuna ngati mchere, koma tulo tinkawazemba. Kungoti zikope zayamba kulemera, kwinakwake kumagwa sipuni, basi maso gwa mpaka kucha. M'mawa ankatuluka maso ali psu, n'kuyamba kuzungulira msewu wonse kufunafuna mwini sipuniyo.

Tsono kuno kwathu mukudziwa mmene magetsi amachitira. Amachoka mbandakucha, amabwera cha m'ma teni usiku. Akangoti nga, St Mary's yense amadzuka. Wosita asite, wophika aphike, wa wailesi atsegule mpaka kumapeto. Ine ntchito yanga ndi yosoka, mayunifolomu a sukulu ndi zovala za amayi a kutchalitchi, ndiye nanenso magetsi akabwera ndinkathamangira pa mashini. Sindinkasoka ngakhale mkono umodzi wa malaya ndisanamve kugogoda pakhoma. Go! go! go! Katatu, nthawi zonse katatu.

"Amake Tinotenda!"

"Wawa, Sekuru."

"Mukusoka kapena mukupera chimanga?"

"Ndi mayunifolomu, Sekuru, akufunika mawa."

"Singano yanuyo ndi yopindika. Ikulira ngati mwana wa mphaka. Sinthani."

Ndinkapsa mtima, koma ndikaichotsa singanoyo n'kuiyang'ana pa nyali, ndinkaipezadi yopindika. Chimene chinkandinyansa kwambiri ndi chimenecho. Munthu wokusowetsa mtendere bola azinama.

Chogogodera chawo chinali nsapato yachikazi, yakuda, ya chidendene cholimba. Ine nditasamukira m'nyumba muno ndinawapeza ali okha, akazi awo a Florida atamwalira chaka cham'mbuyo. Anthu ankanena kuti pa tsiku logawa zovala za malemu, nsapato ya kutchalitchi inapezeka imodzi, inzake osaoneka. Achibale anafunafuna mpaka pansi pa bedi. Inzakeyo ndi imene inkandigogodera ine.

Mdani wawo wamkulu anali Hector, wowotcherera zitsulo wa tsidya la msewu. Hector magetsi akabwera ankayatsa gilayinda, makina ake odulira zitsulo, chitsulo n'kumalira ngati nkhumba yomwe yaona mpeni. A Obadiah anamudandaulira, anamukalipira, anamuwerengera ndime za m'Baibulo. Hector ankangoti, "Sekuru, nanga ana anga adya chete wanuyo?" Tsiku lina cha m'ma naini m'mawa, Hector ali m'tulo tofa nato atagwira ntchito usiku wonse, a Obadiah anatenga mpando wawo, chivundikiro cha poto ndi sipuni, n'kukakhala pansi pa windo lake. Nge! Kenako chete. Akamva kuti mnyamata wayambanso kupuma mwatulo, nge!

Hector anatulutsa mutu tsitsi lili nyankhalala.

"Sekuru, chii? Mukutani?"

"Ndikugwira ntchito, mwana wanga."

"Ntchito yanji imeneyo?"

"Sindinaipatse dzina. Koma magetsi ake amabwera m'mawa."

Za tambala wa Mai Panashe musandiuze. Tambala ameneyo analibe wotchi, ankalira nthawi iliyonse imene wakumbukira kuti ndi tambala. A Obadiah anamugula, osanenerera n'komwe mtengo, anamupha, anamudya masiku atatu akumwetulira. Ankaima pageti akutokosa m'mano, n'kumauza aliyense wodutsa kuti adani ena amakoma. Sabata isanathe, pakhomo pa Mai Panashe panalira atambala awiri.

"Munandigula bwino, Sekuru," anatero Mai Panashe. "Ndinaona kuti bizinesi ilipo."

Palibe chimene sanayesere. Anatseka m'makutu ndi thonje, anati akumva thonjelo likukhuta thukuta. Anayesa kutsekamo buledi wonyowa. Anavala chipewa chaubweya mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anagula chisoti cha njinga yamoto ku Makoni n'kumagona nacho, koma anati m'chisotimo mtima wawo womwe unkachita phokoso ngati ng'oma ya azioni. Anayesa kugona masana, koma masana kuli mawilibala a zigubu opita ku mjigo, ogulitsa matsache, ndi mahwindi, anyamata aja oitanira anthu m'makombi, maminibasi a kuno, amene amafuula ngati wina wawaponda chala. Munthu wamkulu ankangozungulira bwalo lake, kukhala pansi, kudzuka, kulowa m'nyumba, kutulukanso, ngati nkhuku yosowa poikira dzira.

Tinkaseka, inde. Koma chaka china anayamba kuwonda, manja kunjenjemera, ndipo tsiku lina anagwa pamzere wa madzi. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, munthuyu akapanda kumagona adzagwa kosadzukanso. Mwana wawo Shuvai anabwera kuchokera ku Harare nkhope ili yothina.

"Baba, mwezi uno ukatha musakugona, ndikubwera ndi lole. Kwathu kuli zii, kuli mpanda, kulibe tambala."

"M'nyumba muno sindichoka."

"Ndiye mugone!"

"Uwauze awa!" anatero, akuloza msewu wonse ndi nsapato ija.

Madzulo ake ndinawamva kudzera pakhoma akuyankhula okha, ndipo kanali koyamba kumva mawu awo akunjenjemera. M'nyumba imeneyo ndi mmene analowa ndi a Florida ali achinyamata, bambo wowabereka a Obadiah atangochoka ku mafamu kumene ankagwira ntchito. Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi, chifukwa mashini anga anali m'gulu la zowapha.

Ndinayenda khomo ndi khomo. Mutu umodzi susenza denga. Tinagwirizana kuti Loweruka likubweralo msewu wathu ukhale chete usiku wonse, mkuluyo agone kamodzi kokha, mwina thupi lingakumbukire njira yake. Hector analonjeza kusakhudza gilayinda. Mai Panashe anatsekera atambala ake m'katoni n'kukawasungitsa kwa mlamu wake. Ana tinawaopseza. Amayi tinasonkhana kwanga kuti tizilonderana, tikunong'ona, nsapato titavula. Abambo anakoleza moto pamsewu pafupi ndi geti la a Obadiah kuti azibweza oledzera.

Zonsezo zikanatheka pakanapanda nzeru za Hector. Anaganiza kuti makombi ndi magalimoto a mawailesi sangatimvere ndi pakamwa, ndiye anabwera kwanga kudzapempha kansalu kofiira. Ine wopusa ndinamupatsa osafunsa. Anakakamangirira pamtengo wa magetsi pakona, kena pageti la a Obadiah. Aliyense wa ku Chitungwiza amadziwa kuti nsalu yofiira pageti ndiye kuti pali maliro. Madalaivala anazimitsadi mawailesi. Hector anabwera akudzitama kuti mutu wake si wosungira chipewa.

Koma taganizani munthu wodutsa aona chiyani. Nsalu yofiira, moto pamsewu, abambo atazolika, amayi akunong'ona m'nyumba yoyandikana, ndipo aliyense anali atamva kuti Sekuru Nyararai anagwa ku mjigo. Uthenga unayenda pa mafoni mofulumira kuposa moto wa m'tchire. Ola lisanathe tinamva kulira kukuchokera kumsika, kukukwera, kukuyandikira.

"Maiwee! Sekuru kani! Atisiya!"

Anali amayi a kutchalitchi kwawo, oposa makumi awiri, atamanga zitenje, mabulangete kumutu, wina atanyamula ng'oma. Tinathamanga kukawatchinga, tikugwedeza manja, tikuti "Shhh! Akugona! Akugona!" Iwo kumva choncho anati inde, agonadi, agona tulo ta Ambuye, n'kuyambitsa nyimbo. Mayi wina anadzigwetsa pansi pageti penipeni. Mai Panashe, amene ankadziwa bwinobwino kuti palibe wafa, anayamba kulira nawo, akuti nyimboyo inamukumbutsa mayi ake.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka a Obadiah atafunda shiti yoyera, chipewa chaubweya kumutu, thonje likulendewera m'makutu, nsapato m'manja.

"Wamwalira ndani?"

Sindinaonepo amayi onenepa akuthamanga chomwecho. Ng'oma inatsala ikugubuduzika yokha mumsewu. Hector anazimiririka, sanaoneke mpaka Lachiwiri.

Anthu atabalalika ndinawapeza a Obadiah atakhala pakhonde. Ndinagwada kuti ndipepese, koma anandikhazika pambali pawo.

"Amake Tinotenda, amayi aja sanandidzutse ayi. Ndinali maso."

"Ndi chete yense uja?"

"Chete uja ndiye anandiopsa. Ndinagona chagada, kumvetsera, kumvetsera, osamva kanthu. Ndinayamba kudzitsina kuti ndione ngati ndikadali moyo." Anatembenuza nsapato ija m'manja. "Inu simunawapeze amake Shuvai. Mayi amene uja ankaliza mkonono. Osati wamasewera. Malata ankanjenjemera. Amene ankakhala m'nyumba mwanumo anasamuka chifukwa cha iwo. Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndinkagona pafupi ndi chigayo chimenecho, ndipo sindinamvepo tambala, kapena galu, kapena kombi. Ndinkagona ngati mwala. Tsiku limene tinawaika m'manda, ndinabwera kuno n'kupeza kuti dziko lonse lili ndi phokoso."



"Ku Harare kwa Shuvai kuli zii," anatero. "Kumeneko ndikafa sabata yomweyo."

Usiku umenewo nanenso sindinagone. M'mawa ndinatulutsa mashini akale a mayi anga, opalasa ndi mapazi, amene ndinawataya pakona chifukwa lamba wake ndi wotha ndipo amalira mokoka, kenako n'kupuma ngati munthu wotopa. Ndinawakankhira kukhoma lenileni, pamene mutu wa bedi lawo unali kuseri kwake. Madzulo ndinaika chigamba n'kuyamba kupalasa. Grrrr, phuu. Grrrr, phuu.

Go! go! go!

Ndinasiya kupalasa. "Pepani, Sekuru, ndasiya."

"Ndani wati musiye? Chepetsani liwiro. Amake Shuvai sankathamanga choncho."

Ndinachepetsa.

"Pokoka mpweya muzitalikitsa pang'ono."

Ndinatalikitsa. Ndinapalasa mpaka akakolo kuwawa. Gilayinda ya munthu wina inalira kutali, galu anauwa, khoma silinayankhe. Kutacha dzuwa linakwera mpaka pamutu chitseko chawo chili chitsekere. Tinachita mantha, tinasuzumira pawindo, tinawaona atayasama kukamwa, nsapato ili pachifuwa. Anadzuka cha m'ma thu koloko masana n'kutuluka kudzandiuza kuti mashini anga akufunika mafuta, koma ndisawathire.

Lole ya Shuvai sinabwere. Zaka ziwiri ndi miyezi itatu ndinkapalasa usiku uliwonse, magetsi alipo kapena palibe. Zosoka zikatha ndinkalumikiza zigamba, mpaka ana onse a mumsewu mwathu anakhala ndi zofunda za mawangamawanga. Musaganize kuti anasintha khalidwe. Masana ankakalipirabe mahwindi, ankakanganabe ndi Hector, ndipo atambala a Mai Panashe anadyako ena awiri. Ndikalakwitsa kapalasidwe, nsapato inkandikumbutsa.

Anamwalira mu Julayi, m'nyengo yozizira, m'tulo, m'nyumba yawo. Hector ndiye anakamangirira nsalu yofiira pageti. Amayi a kutchalitchi anatuma munthu kudzaona kaye ndi maso asanayambe kulira. Tinaimba usiku wonse, ng'oma ndi zisekese, ndipo aliyense ankaponya diso kuchitseko. Tinawaika pafupi ndi a Florida. Dothi litatha kukwiriridwa, Shuvai anapukuta misozi n'kunena kuti, "Pano ndiye Baba agona. Ovutika ndi a manda oyandikana."

Msewu wathu ukadali waphokoso monga kale, mwinanso kuposa. Gilayinda imalira, atambala achuluka, palibe wowaletsa. Koma ndimaona Hector akafika pageti lija amatsitsa mawu, ndipo ana akamathamangitsana amadutsa pamenepo monyang'ama, osadziwanso chifukwa chake. M'nyumbamo munalowa banja laulemu, anthu osadandaula, oti ngakhale nditagwetsa mapoto onse sanganene kanthu. Sindinawazolowere.

Pogawa zovala za malemu, Shuvai anandipatsa nsapato ija. Ili pamwamba pa mashini akale. Tsopano amene sagona ndine. Magetsi akabwera ndimasoka mayunifolomu anga, ndikamaliza ndimazimitsa nyali, ndimatembenukira uku, ndimatembenukira uko, khutu lili kukhoma. Ndikatopa ndimadzuka, ndimakhala pa mashini a mapazi aja opanda ulusi, ndipo ndimapalasa. Nthawi zina ndimathamangitsa dala.

Palibe amene amagogoda.