Tsiku Limene Fakulidade Inanditukula

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindinabe kanthu. Amene anakuuzani kuti anandiona ndikukankha jeleira (firiji) ya eni ake pakati pa Tete, dzuwa likuswa mtengo, ndili wopanda nsapato, sananame kwenikweni. Anangosiya mbali zina zofunika.

Ine ndinaphunzirapo za bizinesi pa fakulidade ina, sukulu yaukachenjede ya mumzinda muno (dzina sinditchula, kumeneko amaphunzitsanso zamalamulo). Ndinasiya m'chaka chachiwiri, titagwirizana ndi aphunzitsi kuti ine ndi masamu tisiyane mwamtendere. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikugulitsa madzi ozizira a m'timapepala ku Nhartanda, oziziritsa mu jeleira yobwereka. Ndimakhala pachikamwini ku bairo (dera la mumzinda) ya Samora Machel, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya apongozi anga, Dona Inasiya, mayi ake a mkazi wanga Rosa. Kwawo ndi ku Tsangano ndipo mwambo amausunga: ine ndi iwo sitiyankhulana mwachindunji. Zonse zimadzera mwa Rosa, ngakhale nditaima pomwepo.

Tsiku lina m'mawa ndikutsuka m'kamwa, iwo akusesa pafupi ndi mapazi anga, anaitana mwana wawo.

"Rosa, uwauze amuna akowo kuti chaka chino chikatha alibe bizinesi yooneka ndi maso, chipinda icho ndiikamo dalaivala wa ku Malawi, wa lendi. Iwe ubwerera m'nyumba muno. Iwo aona kolowera."

Rosa anatembenukira kwa ine. "Amayi akuti…"

"Ndamva."

"Uwauze kuti sanamve," anatero apongozi, "chifukwa iwe sunawauze."

Ndinaima ndi thovu kukamwa mpaka Rosa atabwereza zonse.

Sabata yomweyo galimoto inaima pamene ndimagulitsira madzi, ndipo anatsika Dotolo Kachingwe, munthu yemwe anandiphunzitsa masamu aja. Ndinafuna kubisala kuseri kwa ndowa, koma sanandizindikire (m'kalasi mwake ndinkapezekamo mwa apo ndi apo, ngati mvula ya ku Tete). Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapatapata anga oduka, n'kusangalala.

"Bambo, inu ndiye woyenera. Kusukulu kwathu Loweruka kuli mwambo wapachaka woonetsa zomwe tapambana ndi mmene tatukulira anthu wamba. Kudzakhala alendo otithandiza ochokera ku Maputo. Tikufuna munthu wovutika woti timupatse jeleira pamaso pawo. Ndinu wovutika?"

Ndinati ndine wovutika kwambiri, ndipo ndili ndi mboni.

Madzulo ndinauza Rosa nkhaniyi mokweza, nditayang'ana khoma la apongozi. Khomalo linatsokomola. M'mawa mwake pa tiyi wanga panali buledi wopaka majarini, koyamba chikwatirire.

Loweruka Rosa anandisitira suti yomwe ndinakwatira nayo, n'kundipolishira nsapato. Nditafika pageti la fakulidade, Dotolo anagwira mutu.

"Mwandipha! Wovutika wanji wovala tayi? Alendo aganiza kuti tikutukula wachibale."

Anandivula jekete ndi tayi, n'kundiuza kuti nditulutse malaya m'thalauzi. Nsapato anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati zikuwala kwambiri, ndivule. Zonse anakazitsekera mu ofesi yake. Ndinalowa mu holo ya sukulu yomwe ndinkaphunzirapo ndili ngati munthu amene wangovuulidwa mu Zambezi.

Mwambo unayamba. A Diretolo, mkulu wa fakulidade, anafotokoza zopambana za chaka chonse: maseminale omwe anachita, maseminale okonzekera maseminalewo, ndi mtengo umodzi womwe anadzala (chithunzi chake anachionetsa kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo). Anati ophunzira awo afika m'misika yonse ya mumzinda kukaphunzitsa amayi ogulitsa tomato tanthauzo la msika. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali ndikuyang'ana zithunzi za zaka zam'mbuyo zomwe zinali pakhoma: mayi wina akulandira jeleira, bambo wina akulandira jeleira, gogo wina akulandira jeleira. Zonse zoyera, zonse zophwanyika pang'ono pakona ya kumanzere. Ndinaganiza mumtima kuti anthu awa ndi okhulupirika, amagula pasitolo imodzi, ndipo wonyamula wake amagunditsa pachitseko chimodzimodzi chaka chilichonse. (Tsopano mwamvetsa chifukwa chomwe ndinasiyira sukulu.)

Kenako anandiitana. Jeleira inali pambali pa nsanja, yomangidwa riboni yofiira. A Diretolo anandigwira dzanja osalisiya mpaka wojambula aliyense atakhuta, ndipo anandipatsa maikolofoni kuti ndithokoze. Apa magazi a chaka chachiwiri anandikwera. Ndinayamba kufotokoza za mpamba, za mpikisano pamsika, za mmene ndidzakulitsire kampani yanga mpaka ku Moatize. Dotolo anali kumbuyo kwa alendo akundikodola, akutsitsa dzanja pansi, kundiuza kuti ndiyankhule mosauka. Ndinasintha msanga n'kunena kuti kwathu timagona ndi njala, ndipo ndinalirako pang'ono. Mayi wina wa ku Maputo anapukuta misozi.

Atatha zimenezo onse anatuluka kukaona mtengo uja. Mu holo ndinatsala ndekha ndi katundu wanga. Ndinathamangira kumsewu n'kuitana munthu wa chova, ngolo yokankha pamanja ija.

"Muli tani, patrau, bwana wanga? Tikunyamula chiyani?"

"Chitukuko," ndinatero.

Mlonda wa pageti anatithandiza kukweza, poti anaona ndi maso ake ndikupatsidwa. Inali yolemera modabwitsa, koma ndinati katundu wabwino amalemera. Za nsapato ndinazikumbukira titafika kale pamsewu wa tala, ndipo amene amadziwa tala wa ku Tete masana akudziwa kuti sindinayende, ndinavina. Wa chova kutsogolo, ine kumbuyo, riboni ikuuluka, madzi akudontha m'njira yonse. Ana anayamba kutitsatira. Pofika ku Samora Machel tinali ngati gulu la chipani.

Apongozi anatuluka, anaizungulira jeleira, n'kululutira. Kenako anatsegula chivundikiro, nthungululu n'kuduka pakati. Munali nyama ya mbuzi yothira kale zokometsera, nkhuku zambirimbiri, mabotolo a zakumwa, ndi keke yaikulu yolembedwa dzina la fakulidade.

"Rosa, uwafunse amuna akowo kuti izi n'chiyani."

Ndinaganiza mofulumira, monga munthu wophunzira. "Uwauze amayi kuti umenewu ndi mpamba. Bizinesi siyamba ndi jeleira yopanda kanthu."

Apongozi anati nyamayo yasungunuka kale, kuibwezera m'chisanu n'kudwalitsa anthu, ndipo mwayi wotere sadyera m'nyumba. Anatuma uthenga kwa amayi a kutchalitchi kwawo ndi kwa oyandikana nawo. Posakhalitsa pabwalo panali mbaula zinayi, utsi uli tolo, wina wabweretsa wailesi. Ine anandipatsa mpando wokhala ndi khushoni, mapazi anga ali m'beseni la madzi.

Ndili mkati mokukuta mwendo wa nkhuku, galimoto ya Dotolo inaima pampanda. Anali atatsatira madontho a madzi ndi malangizo a ana. Anatsika thukuta lili kamukamu, n'kundikokera pambali.

"Bambo inu, mwatani? Jeleira imeneyo ndi ya m'chipinda cha aphunzitsi! Timangoipereka mophiphiritsa, kuti tijambule. Chaka chilichonse wolandira amajambulitsa, amadya mpunga, amapita kwawo. Palibe amene anainyamulapo! Ndipo m'katimo muli chakudya cha alendo. A Diretolo akuwazungulitsa pa mtengo uja kachitatu!"

Ndinaika mwendo wa nkhuku uja pansi. Ndinayang'ana chitseko cha kachipinda kanga, ndipo m'maganizo ndinaona dalaivala wa ku Malawi akupachika jekete lake pa msomali wanga. Ndinayamba kupepesa, n'kunena kuti tikhoza kutola zomwe zatsala pa mbaula. Koma apongozi anali atamva, ndipo Dotolo si mkamwini wawo. Anamuyankhula mwachindunji, ali ndi mphanda wa nyama m'manja.

"Achimwene, munapereka kapena simunapereka?"

"Tinapereka, mayi, koma mophiphiritsa."

"Anthu anaomba m'manja mophiphiritsa?"

"Ayi, koma…"

"Mwana wa eni ake wapsa mapazi mophiphiritsa? Taonani matuzawo. Ine kwathu munthu akakupatsa mbuzi anthu akuona, sabwera madzulo kudzati inali yojambulira."

Amayi a kutchalitchi anayankha onse pamodzi kuti ameni.

Zinthu zikanathera pamenepo, koma kunatulukira minibasi. A Diretolo, atasowa chonena pa mtengo paja, anauza alendo kuti Dotolo watsogola kukaona mmene wolandira uja akuyendera, ndipo alendowo anaumirira kuti nawonso akaone. Anatsika ndi njala yawo n'kupeza bairo yonse ikudya, ana ali ndi keke kumaso, jeleira ili pakati ndi riboni yake. Mayi wa ku Maputo uja anagwira pachifuwa.

"A Diretolo, izi ndiye sindinazionepo! Mwapereka m'mawa, masana mudzi wonse ukudya? Ena timawathandiza zaka ndi zaka osaona kanthu."

A Diretolo ananena msanga kuti imeneyo ndiyo njira yawo yatsopano yophunzitsira. Apongozi anayala mphasa, n'kuwapatsa alendowo nyama yawo yomwe, alendowo n'kumathokoza kuti anthu osauka ndi owolowa manja. Dotolo anadya chiwindi ataimirira, akundiyang'ana. Kenako maso ake anachepa.

"Iwe, nkhope yakoyi… sunakhalepo m'kalasi mwanga?"

"Mophiphiritsa, Dotolo," ndinayankha motsitsa mawu.

Anapitiriza kutafuna chiwindi chake, poti kuulula kuti wovutika wa chaka chino ndi wophunzira wawo wakale kukanawononga lipoti lonse. Wojambula anafunsa kuti mwini bizinesi ndani kuti aime pafupi ndi jeleira. Ndisanatulutse mapazi m'beseni, apongozi anali ataima kale pamenepo, dzanja lili pachivundikiro. M'kabuku ka zopambana ka chaka chimenecho muli iwo, akumwetulira. Ine ndikuoneka chigongono chokha. Jeleira sinabwererenso ku fakulidade, ndipo suti ndi nsapato zanga sizinabwererenso kwa ine. Ndinaona kuti si nzeru kukazifunsa.

Alendo atapita, apongozi anaitana Rosa, ine ndili pomwepo ndikutola mafupa.

"Uwauze amuna akowo kuti za dalaivala zija zatha. Chipinda akhalamo."

Ndinadikira mwaulemu kuti Rosa abwereze, mtima ukuvina.

"Uwauzenso kuti jeleira yangayi singagone panja, akuba ndi ambiri. M'nyumba muno malo mulibe, ndipo soketi yolimba ili m'chipinda mwawomo."

Tinailowetsa. Inalowa bwinobwino, koma bedi linayenera kutuluka. Mpata womwe unatsala pakati pa jeleira ndi khoma ndi wa mphasa ya munthu mmodzi, wogona chammbali. Rosa anauyeza ndi maso, ananyamula pilo wake, n'kunena kuti akagona kaye kwa amayi mpaka bizinesi ikule timange chipinda china.

Bizinesi ikukula ndithu. Madzi ozizira a Dona Inasiya amadziwika mpaka ku bairo ya Mateus Sansão Muthemba, ndipo wowanyamula ndine. Chipinda china sichinayambe kumangidwa, poti apongozi akuti phindu liyenera kubwerera m'bizinesi (mfundo imeneyi ndinawaphunzitsa ndine, kudzera mwa Rosa). Choncho ndikulangizeni inu amene mungadzaitanidwe kuti mukatukulidwe: mphatso ya pamaso pa kamera muziisiya pomwepo, mudye mpunga, muzipita kwanu. Mukalephera kudziletsa, yambani mwayeza chipinda chanu. Ine changa ndinachipulumutsa, ndipo ndimagonamo mpaka lero, chammbali. Mkazi wanga amabwera m'mawa uliwonse, amagogoda mwaulemu, n'kundipempha kuti ndipinde miyendo atsegule jeleira.