Nyali ya Landirova ndi bafa la apongozi

"Amake Atupele, kodi mungathe kugwira sikuludiraiva?" Amuna anga ndiwo anandifunsa choncho, ine n'kuvomera msangamsanga, poti ndinafika Fomu 2, kachitsulo kangandikanike?

Iwo ankayendetsa Landirova ya boma ku sikimu ya mpunga ku Wovwe. Mabampu anali atagwetsa nyali, zinkangowunika pansi ngati zikufuna ndalama yotayika. Tsiku limenelo tinali kwawo, ku Iponga, ndiye dzuwa litangolowa anaimika galimoto moyang'ana khoma la khitchini, anachonga mzere ndi khala, nati ine ndizipotokola kasikuluwu, iwo aime pakhoma aziona kuwala kukafika pamzere.

Muyenera kudziwa izi: ine ndine wa ku Dedza, koma kwa Ankhonde mkamwana sawonana maso ndi apongozi ake aamuna. Chikwatiwire ndinkawadziwa ndi chifuwa chawo chokha. Akatsokomola panjira, ine ndinkalowa m'nthochi.

"Kwezani pang'ono!" Ndinapotokola. "Mwapitirira, bwezani!" Koma masikuluwu analipo awiri, anzanga, ndani anandiuza? Ndinagwira linalo. Kuwala kunachoka pakhoma, kunayenda chammbali pang'onopang'ono, kunadutsa nkhokwe, kukaima pa bafa. Bafa lake la udzu, ng'ombe zitadya theka. Ndipo m'katimo, thovu mutu wonse, chikho m'manja, apongozi.

Mayo ine! Nkhope imene ndinaithawa zaka zonsezo ndinaiona, n'zina zomwe sindinapemphe.

Ndinathamangira m'galimoto kuti ndizimitse. Ndikudziwa pozimitsira? Ndinakhudza ichi, mawaipa anayamba kuvina. Ndinatsamira icho, hutala! Tsono masiku amenewo galimoto ya boma ikalira m'mudzi madzulo, munthu sankafunsa. Anthu anatuluka akuthamanga, ena makadi a chipani ali m'manja, onse n'kutsata kumene nyali ikuloza.

Amuna anga anabwera n'kuzimitsa. Ine ndinakadzitsekera m'nyumba, ndikulira, ndikupinda zovala zanga ndi za mwana. Mlandu wotere ankati ndi wa ng'ombe. Bambo anga ku Dedza analibe ngakhale mbuzi. Ndinkadziona ndili pa basi, ukwati watha, ndipo kwathu akandifunsa chifukwa ndidzati chiyani? Nyali?

M'mawa abale anasonkhana pakhonde, ine ndili kuseri kwa chitseko. Ndinamva chifuwa chija, kenako mawu.

"Mukuti mkamwana wanga? Ine m'maso munali sopo, sindinaone munthu. Iyenso nyali yotere ikanamuthobwa, sanaone kanthu. Magalimoto a boma amapenga okha. Kalimeni."

Nyali inali kuloza iwo, osati ine, aliyense ankadziwa. Koma palibe anatsutsa.

Kuthokoza sindikanatha, ndingayankhule nawo bwanji? Iwo atapita kudimba ndinatsikira kudambo ndi chikwakwa, ndinadula bango mitolo mpaka manja anatuluka magazi, ndinamanga bafa latsopano lalitali kuposa denga la khitchini. Ndinalumbira ndikumanga kuti chitsulo cha galimoto sindidzachigwiranso, ngakhale atandipempha atagwada.

Madzulo apongozi aakazi anabwera ndi mkaka wowawasa m'chipanda, anaukhazika pafupi nane.

"Akuti ndaga," anatero, ndiye zikomo wa Chinkhonde ameneyo, akuyang'ana kumbali kuti asaseke. "Koma akufunsa ngati mungawaboolere khomo. Azungulira kawiri, sakupeza polowera."