Tsiku lomwe ndinakalamba pamaso pa ana a sukulu

Mpaka lero ndikamadutsa pa geti la sukulu ya mwana wanga ndimakokera chipewa kumaso, ngakhale kukhale mitambo. Amene akudziwa chifukwa chake aseka kale mokwanira, ndiye kuli bwino nanunso mumve kwa mwiniwakene.

Inali nthawi ya mliri ija, malire ali otseka, ife okhala kunjafe kumudzi osapitika. Ku nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito, mnzathu akangotsokomola ankamubweza, shifiti yake n'kugwera otsalafe. Ndinkafika kwathu ku Mirrabooka masiki atandidinda mzere pamphuno, n'kugwera pa sofa nsapato zili kuphazi.

Tsiku lina ndili chigonere choncho, anabwera mwana wathu Tadala, yemwe panthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. (Chichewa amamva bwinobwino, koma amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno, ndiye zonena zake ndikumasulirani.)

"Adadi, aphunzitsi akufuna munthu woti atiuze za moyo wa pa turn of the century. Ine ndawauza kuti inuyo munalipo."

Ndinatsegula diso limodzi. Chaka cha 2000? Kumene ndinalipo! Ndinali mnyamata wa ku sekondale kwathu ku Dowa. Ndinavomera, n'kupitiriza tulo. Kunena zoona zinandikomera. Mwanayu anzake ankabweretsa makolo oyendetsa zimagalimoto za ku migodi, pomwe ine ntchito yanga ankangoti "amathandiza agogo kusamba". Apa ndinati ayi, nanenso andinyadireko.

Makolo sankaloledwa kulowa m'kalasi chifukwa cha matendawa, choncho ndinayenera kulankhula pa kompyuta. Ndinavala jekete la ku tchalitchi, n'kukhala patebulo. Mayi a Tadala anali kukhitchini, akukonzekera kupita ku ntchito kwawo. Pa sikirini panaoneka timitu tambirimbiri titakhala pa kapeti, Tadala ali kutsogolo, chifuwa chili panja.

Mafunso oyamba ndinawamenya bwino kwabasi.

"Munali ndi magetsi?"

"Ayi, tinkawerengera koloboyi, kanyale ka parafini."

"Nanga madzi?"

"Kuchitsime."

"Munkayenda pa chiyani?"

"Wapansi. Katundu akachuluka, pa ngolo ya ng'ombe."

Ana aja anati "Wuuu!" Aphunzitsi, mayi wachitsikana wovala masiki a maluwa, ankangogwedeza mutu mokhutira. Ine mutu unayamba kukula. Ndinawonjezera kuti kalata inkatenga milungu kuti ifike, ndiponso kuti nsapato zinali za pa Khirisimasi. (Apa ndinathirako mchere pang'ono. Nsapato ndinali nazo, kungoti zinali za mkulu wanga.)

Kenaka kamtsikana kena kanaimika mkono.

"Mfumukazi itamwalira, munalira?"

Ndinazunguzika pang'ono, chifukwa mfumukazi ya ku Mangalande panthawiyo inali moyo. Ndinaganiza kuti mwanayu akunena za mpongozi wa mfumukaziyo uja.

"Ee, zinali zachisoni," ndinatero. "Tinamvera pa wailesi kunyumba kwa ahedi. Ngozi ya galimoto, mayi wokongola ngati uja."

Aphunzitsi anasiya kugwedeza mutu. Munthu wogona mokwanira akanaimira pomwepo n'kufunsa. Ine ndinaona ngati nkhani yawakhudza, ndiye ndinakoka mpando kufupi.

Ndinawauza kuti chaka cha 1999 chikutha, dziko lonse linali pa mantha. Kunamveka kuti makompyuta onse asokonezeka ndipo ndege zizigwa ngati mango. Kwathu kompyuta tinali tisanaionepo, koma tinaiopa ndi mtima wonse. Amalume anga anapha mbuzi yawo yokhayo, amvekere dziko lisathere limodzi ndi nyama. Chaka chatsopano chitafika dziko lili chilili, azakhali sanawalankhule mpaka chimanga kucha.

"Ndege kunalibe."

Anali mnyamata wina wa magalasi, wokhala pambali.

"Zinalipo, mwanawe," ndinayankha mwaulemu.

"Kunalibe. Tinawerenga."

Apa ndiye kutopa konse kwa miyezi ija kunakwera kumutu. Ine, bambo wa ndevu zanga, ndinaloza chala pa kompyuta.

"Iwe! Ndege ndinkaziona ndi maso angawa zikutsikira ku Lumbadzi! Unalipo iweyo?"

"Inuyo muli ndi zaka zingati?" anafunsa wina kumbuyo.

"Handiredi ndi zina zambiri," anayankha Tadala monyadira, ine ndisanatsegule pakamwa.

Aphunzitsi anatsokomola (nthawi imeneyo kutsokomola pagulu kunkafuna kulimba mtima), n'kunyamula kompyuta ija kuilozetsa kukhoma. Panali zithunzi za azungu a ndevu zofika pachifuwa ataima pambali pa ngamira, amayi a madiresi okwekwereza pansi, ndipo pamwamba pake manambala odula pa pepala lofiira: 1900.

"Pepani bambo," anatero. "Tadala atanena kuti munalipo, ine ndimayesa akutanthauza kuti mukudziwa nkhani za agogo anu."

Kukhitchini kunamveka supuni kugwa, kenaka phokoso la munthu amene akuseka atatseka pakamwa ndi nsalu ya mbale. Ndinafuna kuzimitsa kompyuta, koma chala chinagunda polakwika. Nkhope yanga inangodzaza sikirini yonse, thukuta lili kamukamu.

Madzulo Tadala analowa m'galimoto osandiyang'ana. Titafika pa maloboti anayamba kulira.

"Mwandichititsa manyazi. Ndimayesa munalipodi."

"Mwanawe, ukandiona ine ndingakhale wa zaka zimenezo?"

"Aphunzitsi anati kunalibe magetsi, ankatunga madzi, ankayenda pa ngolo. Zonse zimene mumanena inu! Komanso mumayenda ngati agogo a ku ntchito kwanu."

Ndinamugulira ayisikilimu wamkulu kuposa amene mayi ake amalola, tinadyera m'galimoto momwemo, aliyense akuyang'ana kwake.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, poti m'kalasimo munalibe Mmalawi wina. Ndinaiwala kuti mnyamata wa magalasi uja amayi ake ndi a ku Chipata, ndipo timapemphera limodzi.

Lamulungu ndinafika ku tchalitchi mochedwa. Mipando inali yochepa chifukwa cha lamulo lokhala motalikirana, ndipo yonse inali itadzaza. Ndikuti ndiime kukhoma, mayi aja anadzuka, n'kugwira mwana wawo paphewa, mawu ali pamwamba kuti holo yonse imve:

"Iwe, choka apo, ba gogo bankale! Siuziba ati aba banaona vintu vambili?"

Anthu anagwa nako kuseka, ndi abusa omwe. Mwamuna wodzilemekeza akanakana mpandowo, ndipo ndikudziwa kuti ndikanakana, dzina la Agogo silikanandimatirira mpaka lero. Koma ndinali nditachokera ku shifiti, miyendo ikuwawa. Ndinathokoza mwanayo, n'kukhala.